Phokoso ladzaza wailesi chigwereni mvula: vuto ndi eriyo, kebulo kapena magetsi a m'nyumba?

Funso: "Ndili ndi chiphaso cha wailesi ya amateur (yolankhulirana ndi anthu akutali mongokonda) ndipo ndimakonda kumvetsera pa bandi ya 40 m (cha pa 7 MHz) madzulo. Eriyo yanga ndi dipole (waya wa miyendo iwiri, kebulo yolumikizidwa pakati) yomwe ndinamanga pakati pa mtengo wa mango ndi nsungwi, kebulo ndi RG-58 yotalika mamita 30, mapulagi ndi PL-259 mbali zonse. Chilimwe chonse phokoso linkaima pa S3 pa S-mita (singano yoonetsa mphamvu ya zimene wailesi ikumva), koma chigwereni mvula yoyamba lafika pa S8, ndipo masiteshoni a ku South Africa omwe ndinkawamva bwino akungomveka ngati akulankhulira mumtsuko. Ndikagwira pulagi kuseri kwa wailesi phokoso limasintha. SWR ili bwino, mwinanso kuposa kale. Kodi ndigule eriyo ina, kapena wailesi ndiyo yafa?" Wafunsa ndi bambo wina wa ku Zomba.

Achimwene, ndalama zanu zikhale m'thumba kaye. Mwatchula zizindikiro zitatu ndipo zonse zikuloza ku kebulo, makamaka pa pulagi yakumtunda pomwe mvula imamenya. Komabe musadule kanthu musanayeze, chifukwa nyumba zambiri zimakhala ndi mavuto awiri nthawi imodzi, ndipo munthu ukakonza limodzi n'kupeza phokoso likadalipo umayamba kukayikira zinthu zabwinobwino.

Tiyambe ndi SWR imene ikukusangalatsaniyo, nambala yosonyeza kuchuluka kwa mphamvu imene eriyo ikubweza m'malo moiulutsa: ikakhala yotsika timati ili bwino. Kebulo yonyowa imadya mphamvu. Mphamvu imene imabwerera kuchokera ku eriyo imadutsa m'kebulo kawiri, popita ndi pobwera, ndiye ikamafika pa mita ya SWR imakhala yatheratu, mita n'kukuuzani kuti zonse zili bwino. SWR ikangokongola yokha popanda inu kukonza chilichonse, makamaka ikakhala yosalala pa bandi yonse kuyambira 7.0 mpaka 7.2 MHz ndi kupitirira apo, dziwani kuti kebulo yadwala. Dipole yathanzi imakhala ndi malo amodzi pomwe SWR imatsikitsitsa, kwinako n'kukwera.

Koma kudya mphamvu kokha sikungakweze phokoso. Kukanakhala kokhako, masiteshoni akanafooka ndipo phokoso nalo likanatsika limodzi nawo. Inu phokoso lakwera kuchoka pa S3 kufika pa S8. Pa muyezo umene IARU Region 1, bungwe la a wailesi ya amateur m'chigawo chomwe muli Africa ndi Ulaya, inagwirizana mu 1981, S iliyonse ndi 6 dB (dB ndi muyezo wa kusiyana kwa mphamvu), choncho masitepe asanuwo ndi 30 dB, kutanthauza mphamvu yochuluka maulendo 1000. Mawailesi ambiri satsata muyezowu bwinobwino, koma ngakhale titadula theka, phokosolo lapeza khomo latsopano lolowera.

Khomolo mulimvetse, chifukwa china chilichonse chikuchokera pamenepa. Timaona ngati m'kebulo ya coax muli mawaya awiri, wapakati ndi ukonde wolukidwa uja, koma kwa mafunde a wailesi njira zilipo zitatu. Mafunde amayenda pamwamba pa chitsulo, salowa mkati kwambiri, ndiye mkati mwa ukonde ndi njira ina, kunja kwa ukonde ndi njira inanso. Siginolo imene mukufuna imayenda pakati pa waya wapakati ndi mkati mwa ukonde. Kunja kwa ukonde ndi waya wamba wotalika mamita 30 umene wadutsa pafupi ndi mawaya a magetsi, mababu, dikoda ndi inveta, n'kumatola zinyalala zonse za m'nyumba. Ukonde ukakhala wathunthu ndipo wagwirana bwino ndi pulagi mozungulira monse, zinyalalazo zimakhala kunja. Ukangochita dzimbiri pa pulagi, kapena ulusi wake ukaduka, zakunja zimadumphira mkati. N'chifukwa chake phokoso likusintha mukagwira pulagi: thupi lanu likusintha mayendedwe a magetsi amene ali kunja kwa ukonde. Pa kebulo yabwino dzanja lanu nthawi zambiri silisintha kanthu.

Chida choweruzira mlanduwu n'chotchipa. Tengani ma resistor awiri a 100 ohm, a carbon kapena metal film, osati okulunga waya. Aphatikizeni mbali ndi mbali kuti apange 50 ohm, muwawotcherere pa soketi ya SO-239, ija PL-259 imalowamo, miyendo yake ikhale yaifupi zedi, ndipo ngati mungathe aphimbeni ndi kachitini kogwirana ndi thupi la soketi. Imeneyi ndi dummy load, eriyo yongoyerekezera yosatola mafunde, ndipo ndi yomvetserera basi. Musaulutsirepo mawu, ipsa nthawi yomweyo.

Sankhani malo opanda siteshoni, tinene 7.150 MHz, zimitsani preamp (chokuzira siginolo), lembani pomwe S-mita yaima. Chotsani kebulo ya eriyo, lumikizani dummy load kuseri kwa wailesi ndi kachingwe kakafupi. Singano igwe pansi, pa S0 kapena S1, kungotsala kampweya kofewa. Ikagwa, wailesi yanu ilibe mlandu. Ikakana kugwa, phokoso likulowera pa chingwe cha magetsi kapena likupangidwa ndi power supply yeniyeniyo. Ikani wailesi pa batire la galimoto la 12 V, power supply muizule kukhoma, muone kusiyana.

Kenako bwezerani kebulo ku wailesi, tsitsani dipole, masulani pulagi yakumtunda, muike dummy load kumapeto kwa kebulo m'malo mwa eriyo. Kebulo ikhale momwe imakhalira masiku onse, musaikulunge kapena kuisuntha. Tsopano wailesi ikumva kebulo yokha. Kebulo yathanzi imakhala chete ngati mmene zinalili dummy load ili kuseri kwa wailesi. Mukamva phokoso la S4 kapena S6, kapena mukamamvabe masiteshoni amphamvu a pa bandi ya 41 m, pamwamba pang'ono pa 7.2 MHz, mwaigwira mbava: ukonde ukudontha. Uzani mwana agwedeze kebulo pafupi ndi pulagi iliyonse inu mukumvetsera, kenako aziifinya pang'onopang'ono motsata utali wake. Pamene pamveke kuthetheka kapena singano idumphe, pamenepo pali bala. Muzichita zimenezi pa ola lomwe phokoso limavuta, chifukwa masana zida zambiri za anansi zimakhala zozima ndipo kebulo yodwala imatha kuoneka ngati yachira.

Multimeter imathandiza, koma ili ndi malire. Masulani mbali zonse ziwiri, yezani pakati pa pini yapakati ndi thupi la pulagi pa sikelo yapamwamba kwambiri ya ma ohm, zala zanu zisakhudze zitsulo. Isawerenge kanthu. Ikaonetsa ma kilo-ohm mazana angapo, kapena nambala yomangoyendayenda, muli madzi. Kumbukirani kuti eriyo ikhale yochotsedwa: mabalun ambiri (tizida toikidwa pakati pa kebulo ndi dipole) amaoneka ngati shoti pa multimeter pomwe ali bwinobwino, ndipo anthu ataya makebulo abwino chifukwa cha zimenezi. Mukatero gwirizanitsani pini ndi thupi la pulagi kumapeto kumodzi ndi kawaya kakafupi, muyeze kumapeto kwinako. Mamita 30 a RG-58 amawerenga pafupifupi 1.5 ohm mutachotsera ma ohm a zingwe za mita yanu. Mukapeza 5 kapena 10, kapena nambala ikamasintha mukapotoza pulagi, ukonde sukugwira. Koma multimeter ikanena kuti zili bwino musaikhulupirire kotheratu. Kaulusi kamodzi ka ukonde katatsala n'kokwanira kuipusitsa, pomwe kwa mafunde a wailesi kaulusi kamodzi si mpanda.

Ngati waya wapakati waduka penapake, mutha kupeza malowo osang'amba kebulo yonse. RG-58 ndi RG-213 zimakhala ndi pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse ya utali. Kebulo yanu yathunthu, kumapeto kuli kotsegula, iwerenge pafupifupi 3 nF pa multimeter yoyeza capacitance. Ikawerenga 1.2 nF, yaduka pa mamita 12 kuchokera pomwe mwaima. Amene ali ndi NanoVNA, kachida koyezera maeriyo ndi makebulo, atha kuchita zoposa apa. Siyani kumapeto kotsegula, yezani return loss (kuchepa kwa mphamvu yobwerera, mu dB), muigawe pakati: yankholo ndiye mphamvu imene kebulo ikudya ulendo umodzi. RG-58 yatsopano ya mamita 30 imadya pafupifupi 1.4 dB pa 10 MHz. Mukapeza 3 dB kapena kuposa, yatha ntchito. Chida chomwecho chimakuuzaninso utali: funani frequency yoyamba pomwe impedance (ma ohm amene chidacho chikuwerenga) yagwa pansi, mugawe 49.5 ndi nambalayo mu MHz kuti mupeze mamita. Ya mamita 30 igwe cha pa 1.65 MHz, ikagwa pa 4.1 MHz, mafunde akubwerera pa mamita 12. Nambala ya 49.5 imachokera ku liwiro la mafunde m'kebulo ya polyethylene yolimba, lomwe ndi 0.66 ya liwiro la kuwala, ndiye musaigwiritse ntchito pa kebulo ya thovu monga RG-6.

Tsopano mpeni. Dulani pulagi yakumtunda, sendani chikopa chakuda masentimita 10, muyang'ane ukonde. Wathanzi umawala, wa kopa wofiirira kapena woyera ngati siliva, ndipo ulusi wake umaterereka mukaukankha ndi chala. Wonyowa umakhala wakuda ngati mwaye kapena wobiriwira, nthawi zina ndi kaufa koyera, umafufutika m'zala ndipo mtovu sugwira ngakhale mutenthetse bwanji. Ulusi uliwonse ukakutidwa ndi dzimbiri sukhudzananso ndi unzake, ukonde n'kusanduka mawaya ambirimbiri oyenda okhaokha. Madzi amakwera ndi kutsika mu ukonde ngati palafini mu chingwe cha nyali, moti bala la pa pulagi limatha kuwononga mamita angapo. Dulani mita imodzi imodzi mpaka mupeze kopa wowala, mukatero dulaninso theka la mita kuti mukhale ndi mtendere. Mukadula mamita asanu kudakali kwakuda, musavutike, kebulo yonseyo itayeni. Kuyanika padzuwa sikuthandiza. Madzi atha kuuma koma dzimbiri limatsala.

PL-259 si pulagi yotchinga madzi, sinapangidwire zimenezo. Vuto lina ndi lakuti pa RG-58 imafuna kachitsulo kochepetsera ka UG-175, ndipo anthu ambiri amangopinda ukonde pamwamba pa kachitsuloko n'kumanga osawotcherera. Miyezi yoyamba zimagwira, chinyezi chikalowa basi. Wotchererani ukonde kudzera m'timabowo ta pulagi ndi soldering iron yamphamvu, ya 60 W kapena kuposa, mwachangu, kuti thupi la pulagi litenthe pulasitiki yamkati isanasungunuke. Kachitsulo kakang'ono ka 25 W kamakuchedwetsani mpaka pulasitiki kufewa, waya wapakati n'kusendera ku ukonde. Ikazizira yezaninso ndi multimeter musanakweze.

Pomata, yambani ndi tepi ya rabala yodzimatirira yokha, ija imagwirana n'kukhala chinthu chimodzi. Ikokeni mpaka ipyapyale, muyambire pa kebulo masentimita 5 pansi pa pulagi, muzikwera mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake, mpaka pa soketi. Pamwamba pake kulungani tepi yamagetsi ya PVC kawiri kuti dzuwa lisaidye, ndipo mzere womaliza uyambire pansi kukwera m'mwamba kuti m'mphepete mwake muzigwetsa madzi ngati udzu wofolera. Tepi ya PVC yokha siikwanira, dzuwa la Okutobala limaisungunula ulimbo n'kuyamba kufutukuka. Silikoni wonunkha ngati viniga musamuyandikitse, asidi wake amadya kopa. Pulagi iyang'ane pansi, kulemera kwa kebulo kunyamulidwe ndi chingwe osati pulagi, ndipo pomwe kebulo ikulowa m'nyumba ipindeni itsike kaye kenako ikwere, madontho azigwera panja. Poti eriyo yanu ili pa mtengo wa mango, onaninso pomwe kebulo imakhulana ndi nthambi kapena m'mphepete mwa malata. Kudenga makoswe amaitafuna, pansi chiswe sichiisiya. Yodutsa pansi ilowe mu paipi ya pulasitiki yokhala ndi potulukira madzi.

Nanga kebulo ikakhala chete ndi dummy load, koma mukabwezera dipole phokoso n'kubwerera? Apa pali njira ziwiri. Mwina eriyo ikumva phokosolo mumlengalenga, kapena zinyalala za kunja kwa ukonde zikukwera mpaka kumtunda n'kukhotera mkati pomwe ukonde walumikizana ndi mwendo umodzi wa dipole. Simunatchule balun, ndiye ndikukayikira kuti chachiwirichi chilipo ngakhale mutakonza pulagi. Mankhwala ake ndi choke, chotchinga magetsi oyenda kunja kwa ukonde. Tengani mphete ya ferrite ya FT240-31, mukulungemo RG-58 maulendo 10 mpaka 12, osaipinda mothyola, muiike pomwe kebulo ikukumana ndi dipole. Ina yotere muiike pomwe kebulo ikulowa m'nyumba. Mix 31, mtundu wa ferrite wa mpheteyi, ndiyo imagwira bwino pa 80 m ndi 40 m. Mix 43 imachita bwino kuyambira 20 m kukwera. Kukulunga kebulo pa botolo popanda ferrite kumagwira pa kachigawo kochepa ka mafunde, sindingakulimbikitseni. Timphete ta mtundu wachikasu ndi woyera tochotsa m'ma power supply a kompyuta n'ta ufa wachitsulo, pa ntchito iyi n'topanda phindu. Kebulo itsike molunjika kuchoka pa dipole, isayende motsatira mwendo wa eriyo kapena kugona limodzi ndi mawaya a magetsi kudenga.

Kupeza gwero la phokoso n'kofunika kuposa kulitchinga. Wailesi ikhale pa batire, zimitsani main switch ya nyumba, ndipo ngati muli ndi sola zimitsaninso inveta ndi charge controller, chifukwa izi zimapitiriza kusokosa ngakhale nyumba ili mumdima. Phokoso likagwa, gwero lili kwanu. Yatsani ma breaker limodzi limodzi, mukapeza chipinda muzizula zida chimodzi chimodzi. Muzizula kukhoma, osangozimitsa ndi rimoti, popeza TV ndi dikoda zimakhala zili maso. Amene amapezeka olakwa kawirikawiri ndi matchaja a foni otchipa, mababu a LED, tchaja ya laputopu ndi ma controller a sola a MPPT. Kuzima kwa magetsi dera lonse nako ndi mwayi woyezera: phokoso likatha nthawi imeneyo, gwero ndi chida cha magetsi kapena mawaya a pamsewu, likakula, ndi inveta ya mnansi imene yangoyaka.

Khutu limauza zambiri mukaika wailesi pa AM. Kulira kokhakhala kosalekeza, ngati njuchi yatsekeredwa m'chitini, kofalikira mabandi onse, ndi kuthetheka kwa moto pa pholo la magetsi. Kumagunda maulendo 100 pa sekondi chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz, ndipo nthawi zambiri kumachepa mvula ikanyowetsa zitsulo n'kubwerera kukauma. Timilu ta phokoso tobwerezabwereza pa mtunda wofanana, tinene 30 kapena 60 kHz iliyonse, tomasendera pang'onopang'ono chida chikamatentha, ndi power supply ya switching. Kugunda kumodzi pa sekondi iliyonse ndi mpanda wamagetsi. Kuphulika kwa apo ndi apo, kokula madzulo kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi ziphaliwali zakutali, ndipo zimenezo palibe choke ingazichotse. Mbali ina ya S8 yanuyo itha kukhala imeneyi, koma ziphaliwali zimadumphitsa singano, siziimika malo amodzi. Yendani ndi kawailesi ka mabatire pa medium wave pomwe palibe siteshoni, muzikatembenuza. Ndodo ya ferrite yamkati imakhala chete nsonga yake ikaloza ku gwero. Mukapeza kuti ndi pholo, lembani nambala yake mukanene ku ofesi ya magetsi. Musaligwedeze, musalimenye ndi mwala, musakwerepo.

Pali phokoso lina lobadwira mu wailesi momwemo siteshoni yamphamvu ikaithina, makamaka pa timawailesi ta SDR, tolumikiza ku kompyuta, monga RTL-SDR. Kuyeza kwake n'kwa sekondi imodzi: yatsani attenuator (chochepetsa siginolo) ya 10 dB. Siginolo yeniyeni imatsika 10 dB. Yabodza yobadwa chifukwa chothinana imatsika pafupifupi 30 dB kapena kuzimiririka. Zikatero mufunika fyuluta, osati kebulo. Dzimbiri nalo limachita zofanana panja: polumikizira padzimbiri pa eriyo, pa waya womangira pholo kapena pa malata okhudzana mosalimba pamagwira ntchito ngati diode, n'kusakaniza masiteshoni awiri amphamvu kuti amveke pamodzi pomwe sayenera kukhala.

Mukafika pogula kebulo ina, samalani ndi zimene zalembedwa pachikopa. Pemphani wogulitsa asende kachidutswa. Mukaona pulasitiki yamkati kudzera m'mipata ya ukonde ngati mukusuzumira pa sefa, isiyeni. RG-58 yabwino ukonde wake umaphimba pafupifupi monse. Palani kaulusi ndi mpeni: kakayera mkati, ndi aluminiyamu wopaka kopa, sawotchereka bwino ndipo amafumbutuka akanyowa. RG-213 ndi yonenepa, pafupifupi mamilimita 10, imadya theka la zimene RG-58 imadya ndipo imalowa mu PL-259 popanda kochepetsera. Ngati eriyoyo ndi yomvetserera yokha, RG-6 ya dishi ya TV ndi yabwino kwambiri ndipo imapezeka paliponse. Ndi ya 75 ohm, koma kusiyana kumeneku kumangokutayitsani mphamvu yosafika 0.2 dB, khutu silingamve. Ukonde wake ndi wa aluminiyamu, choncho musayese kuwotcherera. Gwiritsani ntchito mapulagi a F ofinya ndi chida chake, osati opotokola ndi manja aja, n'kuika adaputala kuseri kwa wailesi. Waya wake wapakati nthawi zambiri ndi chitsulo chokutidwa kopa, ndiye mamita 30 akawerenga 3 mpaka 5 ohm musadabwe.

Amene amagwiritsa ntchito eriyo yokhala ndi amplifier yolandira 12 V kudzera m'kebulo momwemo asamale kuwirikiza. Magetsi a DC akakumana ndi chinyezi amadya pini ya pulagi m'masabata ochepa, ndipo kuthetheka kwake kumamveka ngati mafuta mu chiwaya.

Poti kebulo mwaitsitsa kale, konzeranitu za mphenzi. Ukonde ulumikizidwe ku ndodo ya earth panja pomwe kebulo ikulowa m'nyumba, ndi waya wonenepa, waufupi, wosapindapinda, ndipo ndodoyo ilumikizane ndi earth ya magetsi a nyumba. Mbali imeneyi achite ndi wamagetsi wovomerezeka. Resistor ya 1 megohm pakati pa miyendo iwiri ya dipole imatsitsa magetsi amene mphepo ndi madontho zimaunjika pa waya, aja amamveka ngati kulira kokwerakwera mvula ikamayandikira. Koma mitambo ikada cha ku phiri, masulani kebulo panja mabingu asanayambe, muiike kutali ndi wailesi, ndipo musakwere mumtengo wa mango kukagwira eriyo kunja kukung'anima.

Mukamaliza zonse bwerezani miyezo itatu ija pa 7.150 MHz, ola lomwelo, mulembe m'kope: dummy load kuseri kwa wailesi, dummy load kumapeto kwa kebulo, kenako dipole. Ziwiri zoyambazo zifanane. Yachitatu ikwere ndithu, chifukwa pa 40 m eriyo yamoyo imamva phokoso la mlengalenga, makamaka dzinja lino. S3 mpaka S5 madzulo si zachilendo. SWR yanu ioneka ngati yaipako pang'ono m'mphepete mwa bandi, ndipo zimenezo n'zoyenera. Gwiraninso pulagi kuseri kwa wailesi. Singano ikapanda kugwedezeka, ukonde wagwira.